Zimene ndaona ku okushoni ya mayina a mawebusayiti

Ntchito yanga ndi yokonza mawebusayiti kuno ku Blantyre. Makasitomala anga ambiri ndi eni malo ogona alendo, masukulu a pulayiveti, timabungwe ting'onoting'ono ndi mashopu angapo a ku Limbe. Pa mafunso onse amene amandifunsa, lilipo limodzi limene ndimakana kuyankha ngakhale andipanikize chotani: "Dzina lathu lija lapita ku okushoni, ndiye tikonze zingati?" Ena amayesa ndikubisa kanthu kuti ndidyepo. Si choncho ayi. Mtengo wa domain (dzina la webusayiti) yotha nthawi sukhala pa dzinalo. Umakhala m'thumba mwa munthu wachiwiri amene akulifuna, ndipo munthuyo simumuona, dziko limene ali simulidziwa, mwinanso si munthu n'komwe koma pulogalamu ya pakompyuta imene mwini wake anaitchera n'kukagona.

Tiyambe ndi mmene dzina limafikira kumeneko. Domain sitigula kwamuyaya, timalipira chaka ndi chaka. Tsiku lolipira likadutsa, dzina la .com silimasuka pompo. Kampani imene munalembetsako ikhoza kulisunga mpaka masiku 45. Ikalibweza kwa osunga kaundula, pamabwera masiku 30 amene mwini wake angaliwombole koma ndi chindapusa chowawa, kenako masiku 5 amene palibe angalikhudze, ndipo akatha amenewo Verisign, kampani ya ku America yosunga kaundula wa .com ndi .net, imalimasula kuti aliyense alembetse. Kuyambira 2013 malamulo a ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, amalamula kuti mwini dzina akumbutsidwe kutatsala mwezi, kutatsala sabata, ndiponso tsiku likangodutsa. Zikumbutsozo zimatumizidwadi. Vuto lathu kuno n'lakuti zimapita ku imelo ya mnyamata amene anakonza webusayitiyo kalekale, amene pano ali ku Johannesburg ndipo nambala anasintha.

Koma dzina lokhala ndi phindu silifika kumapeto kwa ulendo umenewu. Makampani ambiri amaligulitsa mkati mwa masiku 45 aja. Ku GoDaddy, komwe kuli msika waukulu wa mayina otere, dzina limalowa pa okushoni pafupifupi tsiku la 26 chithereni nthawi yake, ndipo okushoniyo imatenga masiku 10. Dynadot ndi Namecheap nawonso ali ndi misika yawo. Mayina amene adutsa njira yonse mpaka kumasulidwa amawakhidwa ndi makampani ngati DropCatch, SnapNames ndi NameJet, amene makompyuta awo amapempha dzinalo kambirimbiri pa sekondi imene likumasulidwa. Izi zimachitika cha m'ma 2 koloko masana ku New York, kuno ili 8 kapena 9 koloko usiku malinga ndi nyengo, poti anzathuwo amasuntha mawotchi kawiri pachaka. Amene akuganiza kuti akhala pa laputopu ku Chitawira n'kulilembetsa ndi manja nthawi imeneyo, aiwale. Chimene mungachite n'kuika oda ku makampani owakhawo. Mukakhala nokha woika oda, kampaniyo ikaliwakha, mumalitenga pa mtengo wa odayo. Mukakhala awiri kapena kuposa, lapitanso ku okushoni, ya masiku atatu. Ku SnapNames ndi NameJet amapikisana okhawo amene anaika oda, pamene ku DropCatch chitseko chimatsegukira aliyense, ngakhale amene sanalidziwe dzinalo mpaka dzulo. Kusiyana kumeneku kokha kumatha kuchulukitsa mtengo kangapo.

Chaka cha 2024 anandipeza amayi ena amene ali ndi loji kunyanja, ku Mangochi, koma ofesi yolandirira maoda ili kuno m'tauni. Anazindikira kuti zinthu zavuta alendo atayamba kuimba foni kudandaula kuti maimelo akubwerera. Pofika kwa ine, dzina linali kale pa okushoni, anthu ataikapo kale ma bid (mitengo imene akufuna kuligulira), mpata woliwombola utatsekeka. Mtengo unali pa madola 17. Mayiwo ataona nambalayo anapumira m'mwamba.

"Ndiye zochepa bwanji, mwanangu. Lipirani basi tizipita."

"Amayi, nambala imeneyo musaikhulupirire. Ogula enieni sanabwere."

Ndinawapempha pepala ndi cholembera. Sitinayambe ndi funso lakuti dzinali lingagulidwe zingati, poti limenelo palibe akanaliyankha. Tinafunsa lina: likatayika, inuyo muluza zingati? Tinalemba chikwangwani cha pamsewu chimene chili ndi adiresi ya webusayiti, zolemba za pa minibasi yonyamula alendo, timabuku totsatsa malonda timene anali atangosindikiza, makadi a bizinesi, ndi ntchito yolembera mawebusayiti a zokopa alendo kuti asinthe adiresi. Ndinawauzanso chinthu chimene ambiri sachiganizira: wotenga domain yanu akhoza kutsegula imelo yofanana ndendende ndi yanu yakale, n'kumalandira makalata a alendo anu, ngakhale kuwatumizira nambala ya akaunti ina yoti alipireko. Zonse pamodzi zinafika cha m'ma K700,000, amene pa mtengo wa kubanki wa nthawiyo, pafupifupi K1,750 pa dola, anali madola 400.

"Tikadutsa apa, amayi, kusintha dzina ndiye kutchipa."

Anakhala chete, kenako anati, "Dzina limeneli analisankha ndi malemu bambo a kunyumba."

"Ndi chifukwa chake ndikufuna tilembe panopa dzuwa likuswa mtengo. Usiku wa okushoni mtima sudzatilola kuwerengera."

Tinalemba madola 407, iwo n'kusayina m'munsi mwake, mwanthabwala koma mwachoonadi. Chifukwa cha 7 wapamwambayo n'chakuti anthu ambiri amaima pa nambala zozungulira, 100, 200, 500, ndiye kadola kowonjezera kamakupatsani mpata pa munthu amene malire ake akufanana ndi anu.

Pa misika imeneyi simukhalira kukweza mtengo pang'onopang'ono ndi manja ngati simukufuna. Mumalemba malire anu, makina n'kumakuyankhirani, kungopitirira mnzanuyo ndi kachigawo kochepa kovomerezeka. Ndiye mukapambana simulipira malire anu aja, mumalipira malire a munthu wachiwiri kuphatikizapo kachigawoko. Katswiri wa zachuma William Vickrey anafotokoza mu 1961 kuti pa okushoni yotere nzeru yabwino n'kulemba mtengo weniweni umene chinthucho chili nawo kwa iwe, osachepetsa, osawonjezera. Mu 1996 analandira mphoto ya Nobel. Ine ndimangoonjezerapo kuti kwa ife a kuno, makina oyankhawo ndi chipulumutso, chifukwa magetsi kapena netiweki zikhoza kukusiya pa mphindi imene ukuzifunitsitsa.

Nanga bwanji sindinaike malirewo tsiku lomwelo? Chifukwa bid ndi belu. Anthu ochita bizinesi ya mayina amasefa mindandanda, pa msika pomwepo kapena pa ExpiredDomains.net, poyang'ana mayina amene ali ndi ma bid ambiri. Dzina lomwe anthu akulimbirana limakwera pamwamba, ndipo amene sanaliganizire n'komwe amayamba kufunsa kuti kodi anzathuwa aonapo chiyani. Kuika msanga n'kuitana alendo. Komanso kudikira sekondi yomaliza, monga amachitira ena pa eBay, kuno sikuthandiza: ku GoDaddy bid ikalowa m'mphindi zisanu zomaliza nthawi imawonjezedwa, ndipo misika ina yambiri imachita chimodzimodzi. Palibe kubera mnzako nthawi. Ine ndimaika kutatsala mphindi 20 kapena 30, mochedwa kuti ndisaitane anthu, koma mofulumira kuti intaneti ikadula ndikhale ndi mpata wosintha simu.

Okushoni ya mayi aja inkatha cha m'ma 9:40 usiku. Kwathu magetsi anali atazima, ndiye ndinali pa laputopu yotchaja kale, foni ikupereka intaneti, ina ili pambali ndi bandulo ya kampani ina. Ndinalemba 407. Pa sikirini panaoneka madola 22, ine ndili patsogolo. Kwa kotala ya ola palibe chinasuntha. Mayi aja anali pa WhatsApp, akuti aika kale madzi a tiyi wa chikondwerero.

Kutatsala mphindi zinayi, 60. Makina anga anayankha 65, wotchi n'kubwerera m'mbuyo. Kenako 105. Mayina a opikisana saoneka, mumangoona manambala, koma khalidwe lawo limaoneka. Mmodzi ankakweza ndi madola asanu asanu, ndipo ankayankha msanga kuposa mmene chala cha munthu chingachitire. Ameneyo anafika pa 200 ndendende n'kuzimiririka, osabweranso. Winayo anali munthu ndithu: ankadumpha ndi 50, n'kukhala chete mpaka wotchi itatsala pang'ono kutha, kenako n'kudumphanso. 250. 300. Ulendo uliwonse mphindi zisanu zatsopano. Foni inalira.

"Mwanangu, ikadutsa paja tinalemba muwonjezere. Ndigulitsa ng'ombe imodzi kumudzi."

"Amayi, pepala lija lili nane pano. Ng'ombe isiyeni idye msipu."

Anaseka, koma mawu ankanjenjemera. Munthu uja anaika 350, makina anayankha 355. Tinayang'anira wotchi ikutsika mpaka ziro, ndipo sanabwererenso. Okushoni yoti ithe 9:40 inatha 10 koloko itadutsa kale.

Taganizirani bwino zimenezi. Anthu awiri aja akanatanganidwa ndi mayina ena usiku umenewo, tikanalipira madola 22. Munthu wodumpha ndi 50 uja akanakhala ndi malire a 500, tikanaluza. Dzina ndi lomwelo, loji ndi yomweyo, usiku ndi womwewo. Ku okushoni ya fodya ku Limbe ogula mumawaona akuyenda m'mizere ya mabelo, makampani awo mumawadziwa, ndipo mlimi amatha kuyerekeza kuti tsamba la mtundu uwu likuyenda pa mtengo wakuti sabata ino. Kuno kulibe zimenezo. Dzina lililonse lili lokha padziko lonse, ndipo ogula ake enieni mwina ndi awiri kapena atatu basi. Mmodzi akadwala mutu tsiku limenelo, mtengo wagwa.

Mwina mukudabwa kuti munthu wakunja akufuniranji dzina la loji ya ku Mangochi. Sankafuna lojiyo. Dzinalo linali ndi zaka zoposa khumi, ndipo mawebusayiti odziwika a zamaulendo ankalozera kwa ilo. Maulalo amenewo ndi amene amagulidwa. Wogula amaikapo nkhani za juga kapena mankhwala, kapena kulilozetsa ku webusayiti ina, pofuna kuti Google iganize kuti malo atsopanowo ndi odalirika. Zida monga Ahrefs, Majestic ndi Moz zimapereka manambala oyeza mphamvu ya maulalo, ndipo mapulogalamu aja amatchera pa manambala amenewo. Mu Malichi 2024 Google inalengeza kuti kugwiritsa ntchito domain yotha nthawi mwa njira imeneyi ndi chinyengo chimene izilanga, koma mmene ndikuonera ine, ogulawo sanachoke pa msika. Ndiye musanayerekeze kuti dzina lanu palibe angalifune poti ndi la Chichewa kapena la kamudzi kosadziwika, yang'anani kuti ndani amalozera kwa ilo. Zaka zambiri ndi maulalo abwino ndiye kuti mukakumana ndi anthu.

Zinandichitikiranso mosiyana. Kasitomala wina wa magalimoto onyamula katundu ankafuna dzina lalifupi, la mawu awiri a Chingerezi osavuta kutchula pa foni. Ndinalipeza pa mndandanda wa otha nthawi, ndipo m'maso mwanga linali labwino kuposa la loji lija kutalitali. Tinakonzekera nkhondo. Palibe anaikapo bid ngakhale mmodzi, poti linalibe mbiri, linalibe maulalo. Dzina likatha okushoni lopanda bid, misika ina imaliika pa mtengo wokhazikika umene umatsika tsiku ndi tsiku. Ku GoDaddy zimatenga masiku asanu ndipo umatsika mpaka madola 5. Woyamba kudina ndiye mwini wake. Tinalitenga motero, pa ndalama yosakwana ya mafuta opitira ku Zomba. Koma njira imeneyi ndi ya dzina limene mungapirire likakuphonyani. Mapulogalamu amadikiranso pamenepo, ndipo dzina limene aliona amalitola pa sekondi imene lagwera. Dzina la bizinesi yanu yeniyeni musalidikirire kuti litsike ndi madola khumi.

La sukulu ina ya pulayiveti ndiye tinaluza. Aphunzitsi aakulu anati thumba lawo lifika madola 150, ndipo zinali zoona, poti makolo ambiri amawapeza pa WhatsApp, osati pa webusayiti. Mtengo unadutsa 150 ngati palibe chilichonse, n'kukathera kupitirira 900. Tinatseka laputopu. M'mawa mwake tinayamba ntchito yolembetsa dzina la .mw, limene kaundula wake amasunga ndi a Malawi SDNP kuno ku Blantyre, ndipo tinalembera makolo ndi mabungwe onse kuti imelo yakale asaigwiritsenso ntchito. Mnzanga wina wa ntchito yomweyi anandifunsa kuti, "Aise, bwanji osakasuma? Dzinalo ndi la sukulu." Njira yosumira ilipo, imatchedwa UDRP, inayamba mu 1999, ndipo milandu yambiri imapita ku WIPO, bungwe la United Nations loona za umwini wa zizindikiro za malonda ndi ntchito zaluso, ku Geneva. Koma kungotsegula mlandu ndi madola 1,500, loya asanalipidwe, ndipo uyenera kusonyeza kuti uli ndi ufulu pa dzinalo monga chizindikiro cha malonda, komanso kuti winayo analitenga ndi cholinga choipa. Kwa sukulu ya ku Bangwe kapena Chirimba zimenezo n'zosatheka. Lamulo lomweli likuchenjezeninso inu ogula: mukaona dzina lofanana ndi la kampani yotchuka likutchipa, lisiyeni. Adzakulandani, ndalama zanu osabwerera.

Amene anapambana pa madola 900 uja, kodi anapindula? Ndimakayika. Mu 1971 akatswiri atatu a kampani ya mafuta ya Atlantic Richfield anaona kuti pa maokushoni a malo okumba mafuta, wopambana kawirikawiri amakhala amene wayerekeza phindu mopitirira muyeso kuposa anzake onse. Pa mayina ndi chimodzimodzi. Mukapambana anthu khumi odziwa msika, dzifunseni chifukwa chimene onsewo anaimira. Kasitomala amene akuwombola dzina lake sizimukhudza kwenikweni, poti iye amadziwa chimene dzinalo limamupatsa. Zimakhudza achinyamata amene amandifunsa za kugula mayina kuti adzagulitse. Amamva kuti voice.com inagulidwa madola 30 miliyoni mu 2019, mitima n'kuuluka. Amaonanso kanambala ka mtengo woyerekeza kamene misika imaika pambali pa dzina, kakuti madola 2,000, iwo n'kuona ngati kugula pa 300 ndi dhilu. Kanambala kameneko kamalembedwa ndi kompyuta, ndipo palibe amene walonjeza kukupatsani ndalama imeneyo. Ngati mukufuna poyambira, NameBio imasunga mitengo imene mayina anagulidwadi. Yang'anani ofanana ndi lanu, ndipo mudzaona okha mmene mitengo imabalalikira.

Pali chinanso chimene chimakweza mtengo chomwe sitingachione. Mu 2009 kampani ya SnapNames inavomera poyera kuti mmodzi wa akuluakulu ake ankapikisana nawo mobisa pa maokushoni a kampaniyo kwa zaka zingapo, pogwiritsa ntchito dzina lakuti halvarez, ndipo inalonjeza kubweza ndalama kwa makasitomala amene anakhudzidwa. Sindikunena kuti aliyense amene akukukwezerani mtengo ndi wachinyengo. Ndikungoti munthu amene akuyesa malire anu ndi madola asanu asanu amadya bwino pa amene alibe malire.

Musanaike bid pa dzina limene silinali lanu, tsegulani Wayback Machine pa archive.org muone zimene zinkakhalapo zaka zapitazo. Dzina likhoza kuoneka loyera koma linakhalapo la zolaula kapena la akuba, ndipo maimelo ochokera pa dzina lotere amakathera mu spam.

Tsopano za ndalama, pomwe ife a ku Malawi timagwera kwambiri. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Madola 400 amene anali K472,000 anasanduka K680,000 usiku umodzi. Ndiye malire anu muziwalemba mu kwacha poyamba, kenako n'kuwasandutsa madola pa mtengo wa tsikulo, mutachotsapo zimene banki idzadule. Pamwamba pa bid yopambana mumalipiranso chaka chimodzi cha dzinalo. Mtengo umene Verisign imalipiritsa makampani pa .com unafika madola 10.26 mu Sepitembala 2024, ndipo iwo amaikapo yawo. Chachikulu n'chakuti mukapambana mumapatsidwa nthawi yochepa kwambiri yolipira, ndipo mukalephera akaunti yanu ikhoza kutsekedwa, dzina n'kupita kwa wina. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene tili nako, khadi la kubanki limene linagwira ntchito mwezi watha likhoza kukana lero, kapena kukhala ndi malire otsika kuposa bid yanu. Pitani kubanki okushoni isanathe mukafunse kuti khadi lanu lingalipire madola angati kunja. Kwa mayi a loji aja tinali titakonzeratu: mchimwene wawo amene amakhala ku Manchester analowetsa khadi lake mu akaunti kutatsala masiku, ndipo analipira usiku womwewo.

Mukalipira, dzina silibwera pompo. Pamadutsa masiku angapo lisanalowe mu akaunti yanu, ndipo nthawi zambiri simungalisamutsire ku kampani ina mpaka patatha masiku 60, ndiye musalonjeze kasitomala kuti webusayiti idzuka mawa. La loji lija litafika ndinalilembetsa m'dzina la mayiwo, pa imelo yawo ya Gmail imene siidalira domain yomweyo, pasiwedi n'kuwapatsa iwo ndi mwana wawo wamkazi amene amayendetsa ofesi. Kulipira kodzichitikira kokha chaka ndi chaka sindikudalira ndi makadi athuwa. Dzina la .com limaloledwa kulipiriratu mpaka zaka 10, ndiye tinapempha achimwene a ku Manchester aja kuti alipiriretu zisanu, zimene zonse pamodzi sizinafike ngakhale theka la madola 355 aja.